Repu Wosamangidwa Kansanza

Dzina loti Mayi Chikhadabo silinali lonyoza, ngakhale poyamba eniake ankalusa nalo. Linachokera pa chala chawo chachikulu cha kumanja. Chikhadabo cha pamenepo chinali chachitali, cholimba ngati cha nkhuku yokalamba, ndipo mkati mwake munali mobiriwira moti sopo wa mtundu uliwonse anagonja. Pa ukwati wa mwana wa mlongo wawo anachipala ndi lumo mpaka magazi, koma pa chithunzi chinatulukabe chobiriwira.

Ntchito ya chikhadabocho inali imodzi basi, kutsina maluwa. Anaiphunzira ali mtsikana, pa munda waukulu wa masamba kunja kwa tauni, kumene ankagwira ganyu. Kapitawo wa kumeneko anali ndi lamulo lake: repu akangoonetsa kamutu ka duwa, tsinani. Mukamulekerera, masamba amayamba kuchepa, kulimba, kuwawa, kenako kuchita chikasu kuyambira m'munsi, munda nkutha. Mukatsina, amaiwala zokalamba, nkutulutsa masamba ena. Atsikana anzawo ankavutika ndi timipeni. Iwo ankangodutsa mu mzere dzanja likuyenda lokha, maso ali kwina, pakamwa pakukamba za anyamata.

Kumundako ndi kumene anakumana ndi amuna awo, amene ankakonza pampu ya madzi, nchifukwa chake aliyense ankangowatcha a Pampu. Anali munthu wosalankhula. Mukawafunsa funso m'mawa, yankho mumalilandira madzulo, nalonso lodula mchira. Chuma analibe. Chomwe analowa nacho m'banja chinali bokosi la masipanala ndi botolo la njere za repu, zomwe anapatsidwa ndi amalume awo.

Koma repu wakeyo, ndikuuzeni, sanali repu wa m'mapaketi wa kusitolo. Tsamba lake linali lalikulu ngati mbale, lobiriwira modera, losawawa ngakhale m'chilimwe, ndipo nsabwe za masamba zinkamudutsa ngati zamuona ndi ndodo. Tsinde lake linkatha kukhala nthawi yaitali ngati ukulisamala. Atasamukira m'tauni, m'nyumba ya lendi kuseri kwa malo ocheka matabwa, anamulima pa kadimba ka pakati pa khoma ndi ngalande. Mayi Chikhadabo ankanyamula mipukutu yake pa beseni kupita kumsika, ndipo makasitomala sankafunsa kuti repu alipo. Ankafunsa kuti, “Wa a Pampu alipo?” Ana awiri anaphunzira sukulu ndi masamba amenewa.

Pa kadimbako ntchito inali yogawana, ngakhale panalibe amene anakhala pansi nkugawa. Chaka chilichonse a Pampu ankang'amba malaya awo akale ofiira, nkumanga tinsanza pa matsinde angapo oyandikana, amene awakomera m'maso. Tsinde lomangidwa kansanza linali lawo. Chikhadabo chisayandikire. Limeneli linkachita maluwa, njuchi nkudzaza, masamba nkuchita chikasu, nkuuma, iwo nkudula timakoko nkukapuntha pa thumba. Otsalawo anali a mayi, otsina ndi kugulitsa.

“Inu ndinu a maliro,” ankawaseka akazi awo. “Ine ndikulera, inu mukuika m'manda.”

A Pampu ankangomwetulira, nkumapitiriza kumanga mfundo. Pa zaka zonsezo Mayi Chikhadabo sanafunseko kuti amamanga angati, kapena chifukwa chiyani amasankha oyandikana. Munthu ufunsiranji za ntchito ya munthu amene umadzuka naye tsiku ndi tsiku?

Matenda atabwera, anayambira m'maso. Mayi Chikhadabo ndi amene anayamba kuona, akuwapatsa madzi osamba: zoyera za m'maso mwa amuna awo zinali zitachita chikasu. Kenako zikhatho, kenako nkhope yonse. Adokotala anati ndi chiwindi. Mu wodi, pa bedi la pafupi ndi zenera, a Pampu anagona ali chikasu ngati tsamba la m'munsi, akucheperachepera. Akazi awo ankabwera, kuwasambitsa, kuwadyetsa, koma kuwayang'ana nkhope kunkawakanika. Ankayang'ana bulangeti, kapu, pansi. Tsiku lomaliza anaimirira masana nkunena kuti, “Ndikathirire masamba, dzuwali lawawa, ndibweranso.” A Pampu anagwedeza mutu. Pobwerera anapeza bedi litayalulidwa.

Maliro atatha, anthu atabalalika, anatsegula botolo la njere nkupeza chuku chokhachokha. Pa miyezi ya kuchipatala linali litasiyidwa pa zenera la kukhitchini losatseka bwino, mvula nkumalowa. Ndiye repu wa a Pampu yense wotsala pa dziko anali mzere umodzi womwe unali kuseri kwa nyumba, womwe malemu anafesa ndi manja awo asanagonekedwe m'chipatala. Ukatha umenewo osasiya njere, basi, watha.

Mayi Chikhadabo izi ankazidziwa bwino. Sanali wopusa. Koma nyengo itakwana, timitu ta maluwa titayamba kusuzumira, palibe amene anang'amba malaya. Anatsina mzere wonse. Mumtima anati, chaka chino ayi, maso anga aona chikasu chokwanira, chaka chamawa ndimanga.

Mwana wawo wamwamuna anali kutali ndi banja lake, wongotumiza moni pa foni. Amene ankabwera anali wamkazi, womaliza kubadwa, yemwe mpaka ukulu wake ankangotchedwa Mzime. Iye anaphunzira za ulimi, ndipo ankagwira ntchito tauni ina, pa kampani yolima maluwa m'nyumba za pulasitiki. Atabwera pa tchuthi nkuona mzere uli biriwiri, wopanda kansanza ndi kamodzi komwe, anaima atagwira m'chiuno.

“Amayi, mbewu ili kuti?”

“Si imeneyo ukuionayo? Taona mmene yakondwera.”

“Ndikunena njere. Simunasiye ndi limodzi lomwe?”

“Iwe, wangofika kumene, ngakhale madzi sunamwe, wayamba kale ukapitawo.”

Madzulo ake, akusadzula masamba pakhonde, Mzime anayambanso, koma mofatsa, monga amachitira munthu amene akudziwa kuti mayi ake ndi nkhutukumve.

“Mukudziwa chimene chimachitika mukatsina? Mu chomera muli timadzi tina timene timanyamula uthenga, kusukulu tinkati mahomoni. Ena amapangidwa ku mizu, amakwera ndi madzi kukauza masamba kuti musakalambe, gwiranibe ntchito. Ndi amene amasunga kubiriwiraku. Kuntchito kwathu timachita kugula ofanana nawo, kuthira m'madzi a maluwa odula kuti masamba asafulumire kuchita chikasu pa ulendo.”

“Ndiye ineyo ndikuchita ulele zimene mabwana ako akugula.”

“Eya. Koma chomera chikayamba kubala, uthenga umasintha. Wa ku mizu uja umachepa, ndipo kumabwera wina wouza masamba kuti nthawi yakwana, tulutsani zonse muli nazo. Muja mwakhala mukukangana ndi mayi wa nthochi kumsika, mukuti nthochi zake zimakuwonongerani masamba, simunama. Nthochi yakupsa imatulutsa kampweya kouza tsamba kuti kalamba. Chomera nachonso chimapanga kampweya komweko chikafuna kutaya tsamba.”

Mayi Chikhadabo anasiya kusadzula. Nkhani ya mayi wa nthochi inawakomera. Zaka zonsezi mnzawo wa benchi loyandikana nalo ankawanena kuti ndi nsanje chabe.

“Mawa ndikamuuza kuti ngakhale a sukulu akudziwa.”

“Mukamuuze. Koma mumve mbali inayi, Amayi. Chikasu chija si matenda ayi. Ndi kusamuka. Chakudya chonse chimene chili mu tsamba chimachoka, kupita mu njere. Tsamba likapanda kuchita chikasu, njere sizikhuta. Inu mukatsina mumangochedwetsa. Tsinde likukalamba ndithu, taonani mmene lakhalira ngati ndodo. Tsiku lina lidzagwa lili lobiriwira, lopanda kanthu m'manja.”

“Kusamuka,” anabwereza Mayi Chikhadabo. Anayang'ana mwana wawo, nkhope itauma. “Bambo ako aja ankasamukira mu chiyani?”

Mzime anatola beseni nkulowa m'nyumba, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Musaganize kuti mawu a mwanayo anapita pachabe. Ankawabwerera. M'mawa uliwonse, akutunga madzi pa mpope ndi kheni yothirira, ankadziuza kuti lero ndisiya awiri atatu. Koma akangolowa mu mzere, dzanja linkayamba ntchito yake ya kuyambira utsikana, ndipo pofika kumapeto timitu tonse tinali pansi. Nthawi zina ankachita dala. Tsamba la m'munsi likangoyamba kusintha mtundu, ankalithyola msanga nkukaliponya mu ngalande, osaliyang'ana kawiri. Masana, macheka a kuseri kwa khoma akamalira, utuchi ukugwera pa masamba, ankatenga kansalu konyowa nkumapukuta tsamba limodzilimodzi. Kumsika anasiya kupita ndi repu wa a Pampu. Ankapikula wa m'mapaketi kwa alimi ena, makasitomala nkumadandaula, ena nkusamukira ku mabenchi ena. Mayi wa nthochi, yemwe pakamwa pake panalibe chitseko, anawauza maso ndi maso kuti, “Anzanga, mwasandutsa ndiwo kukhala mwamuna.” Sanalankhulane mwezi wathunthu.

Matsinde anayamba kutha limodzilimodzi. Ena anawola m'dzinja, madzi a mu ngalande atasefukira. Lina linathyoledwa ndi thabwa lomwe anyamata a macheka anagwetsera kuseri kwa khoma. Anayesa kubzala ziphukira za m'mbali, koma zonse zinavunda. Otsalawo anatalika mpaka m'chiuno, opindika, okhala ndi zipsera za masamba onse amene anathyoledwapo, kansonga kokha kali biriwiri pamwamba. Mzime atabweranso, anapeza atsala awiri.

Ulendo uno sanakambe za sukulu. Analowa kuchipinda, nkutsegula sutikesi ya malemu, nkutulutsa malaya ofiira aja, omwe anali atatha kale manja onse ndi theka la msana. Anang'amba tinsanza tiwiri nkuika m'manja mwa mayi ake.

“Ine sindimanga, Amayi. Mumange ndinu. Koma mukapanda kumanga chaka chino, musadzandiuzenso za repu wa Ababa, chifukwa kudzakhala kulibe.”

Mayi Chikhadabo ananunkhiza tinsanzato. Tinkamvekabe girisi.

“Ndamva, mwanawe. Ndimanga.”

“Onse awiri.”

“Ndati ndamva. Ukufuna ndilumbire?”

Mzime anakwera basi mtima uli m'malo. Ndipo mayi ake sananame kwenikweni. Timitu ta maluwa titatuluka, anapita kudimba ndi tinsanza tiwiri m'manja. Anamanga koyamba pa tsinde la kufupi ndi khoma, mfundo iwiri, monga ankachitira malemu. Atafika pa linalo anaima. Linali lokongola kuposa linzake, masamba ake otambalala, mame ali mbuu. Anaganiza za mmene kadimba kadzaonekere onse awiri akachita chikasu nthawi imodzi, kuseri kwa nyumba kopanda chobiriwira ndi chimodzi chomwe. Mtima unawawa ngati wapondedwa.

Ndiye anayamba kudziwerengera nzeru. Tsinde limodzi limabala njere zodzaza kapu. Kapu yathunthu, pa kadimba aka? Malemu ankamanga ambiri chifukwa ankagawira anzawo, anali munthu wopatsa. Ine ndigawira ndani? Limodzi likhale la mbewu, limodzi likhale langa. Palibe amene walakwiridwa. Kansanza kachiwiri anakapinda nkukamangirira pa nsonga ya chitenje, ndipo chikhadabo chinagwira ntchito yake.

Pa foni Mzime anafunsa kuti, “Mwamanga?”

“Ndamanga.”

“Achita maluwa?”

“Ali mbwee. Njuchi mpaka kulowa m'nyumba.”

Zinali zoona. Tsinde la kukhoma linatumphuka ngati linkangodikira chilolezo, nkutulutsa maluwa achikasu ochuluka, njuchi nkumazungulira tsiku lonse. Kenako masamba anayamba kusintha, kuyambira m'munsi, monga mwa nthawi zonse. Apa Mayi Chikhadabo anavutika zedi. Pothirira ankafika chammbali, nkhope atalozetsa ku tsinde lawo lobiriwira, madzi nkumathira mongoyerekeza. Koma anapirira, osathyola tsamba ndi limodzi lomwe. Ankati akagona nkumadziuza kuti akusamuka, akusamuka, mwana uja anatero. Maluwa atayoyoka panatsala timakoko, ndipo iwo anaona kuti ntochepa thupi, koma anati mwina ndi ukalamba wa tsinde.

Timakoko titauma, anadikira Mzime kuti adzapunthe limodzi. Anachapa botolo lija ndi madzi otentha, nkuliyanika padzuwa, nkugula chitsekerero chatsopano. Anauzanso mayi wa nthochi kuti chaka chamawa wa a Pampu abwerera pa benchi, ndipo anamulonjeza njere pang'ono, chifukwa anali atagwirizananso.

Mzime anafika masana, nkupita kuseri kwa nyumba chikwama chili paphewa. Anaona tsinde louma lili ndi kansanza kofiira. Anaona linalo lili biriwiri, lopanda kansanza, pamwamba pali zipsera zatsopano za chikhadabo.

“Amayi, ili silinachite maluwa?”

“Limenelo ndi langa. La mbewu ndi ilo. Njere za limodzi zikwana, ndiwe mwana iwe, sukudziwa mmene amabalira repu ameneyu.”

Mzime anatsitsa chikwama pansi pang'onopang'ono.

“Tiyeni tipunthe,” anatero, mawu ali pansi.

Anayala thumba pakhonde. Mayi Chikhadabo anadula nthambi zouma, nkuzisonkhanitsa, nkuyamba kufikisa timakoko m'manja. Ankayembekeza kumva kaphokoso kaja ankakamva malemu akamapuntha, njere zikugwa pa thumba ngati mvula yoyamba pa malata. Sikanamveke. Anafikisa ena mwamphamvu. Anathira zonse mu lichero, nkupeta, nkuuzira. Mankhusu anauluka, nkugwera pa miyendo ya Mzime. Mu lichero munatsala fumbi ndi tinthu tofota, topyapyala, toti ukatikanikiza ndi chala timangophwanyika. Anatsegula kakoko kamodzi ndi chikhadabo, kenako kena, kenako kena. Monse munali mphwepwa.

“Njuchi zinabwera,” anatero. “Ndinaziona ndi maso angawa. Sindinathyole tsamba ndi limodzi lomwe. Lachita chikasu lonse, ndalilekerera. Unati chakudya chimapita mu njere. Chapita kuti?”

“Chinalibe kopita, Amayi.” Mzime anakhala pansi pambali pawo. “Mtundu umenewu sulandira mungu wa tsinde lomwelo. Umafuna wa linzake. Njuchi zimayenera kuchoka pa ili kupita pa ilo. Nchifukwa chake Ababa ankamanga oyandikana.”

“Bwanji sunandiuze?”

“Ndinati onse awiri.”

“Unati onse awiri, koma sunati chifukwa.”

“Sindinanene. Ndinaona ngati mwamva.” Mzime anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. “Ndikanakuuzani.”

Mayi Chikhadabo sanamukalipire. Akanakalipira ndani? Munthu amene akanawauza zonsezi anakhala naye zaka zambirimbiri pa kadimba komweka, akumanga mfundo pamaso pawo, iwo ali kalikiliki kumuseka. Chisoni chimene anamva pakhondepo chinaposa cha tsiku la maliro, chifukwa pa maliro panali anthu owagwira, ndipo panalibe amene akanati walakwa ndi iwe. Anakhala atagwira lichero pamiyendo mpaka macheka a kuseri kwa khoma anasiya kulira. Botolo lotsukidwa lija linali pa zenera, likuwala.

“Kulibe wina amene ali naye?” anafunsa. “Anzawo aja ankawagawira?”

“Ndinafunsa kale chaka chatha. Onse anasiya, amagula wa m'mapaketi.”

M'mawa mwake Mzime atadzuka anapeza mayi ake kulibe m'nyumba. Anawapeza kudimba, atakhala pa chidebe chovundikira, pafupi ndi tsinde lotsala lija. Pansonga pake panali patatuluka kamutu kena ka duwa, kakang'ono ngati nsonga ya chala. Dzanja lamanja la Mayi Chikhadabo linali pamwendo, lamanzere litaligwira pamwamba ngati mmene umagwirira mwana wofuna kuthamangira mumsewu. Kenako anamasula mfundo ya pa chitenje, nkutulutsa kansanza kofiira kachiwiri kaja, nkukamanga pa tsinde. Mfundo iwiri.

“Amayi,” anatero Mzime mofatsa, “palibe chimene litabale. Latsala lokha. Kuli bwino muzingotsina, mwina likhala nanu chaka china.”

“Ndikudziwa.”

“Nanga mukumangiranji?”

“Latopa, mwanawe. Taona tsinde lakeli. Ndalikaniza nthawi yaitali.” Anakonza kansanzako kuti kaoneke bwino. “Lichite maluwa ake, lichite chikasu chake.”

“Mudzatha kuliyang'ana?”

Mayi Chikhadabo anakoka chidebe chija kuyandikira, mpaka mawondo awo anakhudza masamba a m'munsi.

“Bambo ako ndinawasiya okha, ndinati ndikukathirira masamba,” anatero. “Ili ndikhala nalo mpaka lithe. Kanditengere mpando, chidebechi chikundipweteka.”